Omata nsidze ku Mongue: ntchito yaikulu ndi kukhazika diso pansi

MONGUE — Lachisanu loti mawa lake kuli ukwati, pakhonde pamene akukonzera mkwatibwi sipasowa anthu. Wina akufunsa za nkhuku zimene sizidaphedwe, wina wafika ndi uthenga wa ankhoswe, ana akusuzumira, ndipo foni ya mkwatibwiyo ikungolira. Mwini wake wagona chagada pamkeka, maso ali chitsinzinire. Kumutu kwake kwakhala mtsikana amene wagwira timbaniro tiwiri ta nsonga ngati singano, ndipo kunsonga kwa kamodzi kuli kansidze konyowa ndi guluu. Pakati pa guluuyo ndi diso la munthu pali chikope chokha, chimene khungu lake ndi lopyapyala kuposa khungu lina lililonse la m'thupi. Wina akangoitana dzina la mkwatibwi kuchokera kuseri kwa nyumba, chikopecho chimatseguka mwini wake asanaganize n'komwe.

Nsidze zoikirira, zimene pa Chipwitikizi amati pestanas, poyamba zinkaoneka kwa akazi a m'mizinda monga Quelimane, Nampula ndi Blantyre. Masiku ano zikuyenda njira yomweyo imene amayenda meshi, mawigi ndi mafuta odzola: kudzera m'tauni ya Milange, pachipata cha Melosa ndi Muloza, ndi m'misika ya m'malire monga wa Limbuli, mpaka kukafika m'midzi pa njinga. Zambiri zimapangidwa kutali, ku Pingdu m'dziko la China ndi ku Purbalingga m'dziko la Indonesia. Amene amamata kumudzi kawirikawiri ndi atsikana omwe aja oluka tsitsi. Ena adaonera kwa mnzawo m'tauni, ena adangoonera pa foni, ndipo malipiro amalandira m'meticais kapena m'makwacha monga mmene malonda a m'malire amayendera. Ntchito imachuluka anthu akagulitsa chimanga ndi nandolo, pamene maukwati ndi zinkhoswe zimatsatizana Loweruka ndi Loweruka.

Nsidzezi zili mitundumitundu. Pali za mzere umodzi zimene amamata pamwamba pa chikope kwa mphindi zochepa, munthu n'kudzazichotsa pogona. Pali za timagulu. Ndiye pali zimene amamata imodziimodzi, nsidze yoikirira pa nsidze yachibadwa, kusiya kampata kosapitirira milimita imodzi kuchokera pakhungu, kapena titi kuchindikala kwa chikhadabo. Chikope cha m'mwamba chimakhala ndi nsidze zapakati pa 90 ndi 150, choncho ntchito ya maso awiri imatha kudya maola awiri kapena kuposerapo. Kwa nthawi yonseyo munthu akupemphedwa kuti asaphenye.

Chifukwa chiyani diso silikhazikika

Kupempha n'kosavuta. Koma munthu amene ali m'maso amaphethira ka 15 kapena ka 20 pa mphindi imodzi, osadziwa n'komwe. Pa maola awiri ndiye kuti akuletsedwa kuphethira pafupifupi ka 2,000. Kuphethira si khalidwe loipa limene munthu angasiye atadzudzulidwa. Ndi mmene diso limadzitetezera ku fumbi, ku utsi ndi ku tizilombo, ndiponso mmene limadzipakira misozi kuti lisaume. Chinthu chikangokhudza nsidze, chikope chimatseka kapena kunjenjemera chokha, chifukwa kumizu ya nsidze kuli timitsempha timene timamva ngakhale kamphepo.

Apa ndi pamene omata ambiri amalakwira. Chikope chikayamba kunjenjemera amakalipa, kunena kuti kasitomala ndi wovuta, kapena kumuopseza kuti akapanda kukhazikika guluu amulowa m'diso. Munthu woopsezedwa satsinzina bwino, amafinya maso. Akafinya, mizu ya nsidze imabisala m'makwinya, nsidze za m'mwamba ndi za m'munsi zimalowererana, ndipo minofu ikatopa kunjenjemera kumaposa poyamba. Mawu othandiza ndi ofatsa: "Tsinzinani ngati mukugona tulo, mana, osati ngati mukuthawa utsi." Kwa mayi wamkulu womata amati, "Amayi, ndikukhudzani tsopano," asanaike dzanja, kuti asadzidzimuke. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchitoyi woyenera kudekha poyamba ndi womatayo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti diso lotsinzina limayendabe. Kutsogolo kwa diso kuli kotukuka pang'ono. Diso likatembenukira uku ndi uko pansi pa chikope, kotukukako kumakankha chikopecho, nsidze zonse n'kusuntha ngati udzu wa m'dambo. Aliyense angathe kuyesa: atsinzine, aike chala mopepuka pachikope, ndipo ayang'ane kumanzere ndi kumanja. Diso lotsinzina limatsata mawu a munthu wodutsa, kulira kwa mwana, ngakhale maganizo. Ndiye chifukwa chake ndi bwino kulipatsa poyang'ana. Womata auze kasitomala kuti, ali chitsinzinire, ayerekeze kuti akuyang'ana zala za kumapazi kwake ndipo asachotse maso pamenepo. Ena amathandizidwa ndi kuwerenga mpweya wawo, kupuma pang'onopang'ono kudzera m'mphuno.

Maso awiri amayendanso limodzi ngati ng'ombe za pagoli. Kasitomala amene akuti angophenya diso limodzi kuti aone amene watumiza uthenga pa foni akudzinamiza, chifukwa diso linalo limayenda nawo ndipo chikope chake chimamasuka. Foni izimitsidwe kapena aisunge mnzake kutali.

Pakhonde si pa saluni ya m'tauni

Kuwala nako kumalowa m'chikope. Munthu wotsinzina amadziwa ngati wina waima pakati pa iye ndi dzuwa, ndipo diso limatsata mthunziwo. Choipa kwambiri ndi tochi ya pa foni imene wina wagwira m'manja n'kumaiyendetsayendetsa pamaso pa munthu. Kumene kulibe magetsi odalirika, ntchitoyi ndi ya m'mawa, pamthunzi powala bwino, dzuwa losaomba kumaso. Si ya usiku ndi koloboyi, ngakhale ukwati utayandikira chotani. Malo ake akhale kutali ndi khitchini, chifukwa utsi wa nkhuni umatulutsa misozi ngakhale m'diso lotsinzina, ndipo m'miyezi ya September ndi October, pamene mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa, ndi bwino kulowa m'nyumba pafupi ndi khomo kapena zenera.

Kagonedwe nako n'kofunika. Ambiri amakhazika kasitomala pampando n'kumugonetsa mutu chagada pamiyendo pawo kapena pakhoma. Kwa za mzere umodzi zimatheka, koma kwa ntchito ya maola khosi limatopa, mutu umayamba kusuntha, ndipo mutu ukapendekera kumbuyo kwambiri zikope zimasiya kampata kakang'ono kumunsi. Munthu agone pamkeka kapena pabenchi lalitali, chitenje chopinda pansi pa khosi ndi china pansi pa mawondo. Mayi wodwala pakati amene miyezi yapita sayenera kugonekedwa chagada nthawi yaitali chotere. Adikire.

Ndiye pali nkhani ya macheza, imene ndi yovuta kuposa zonse chifukwa ikulimbana ndi chizolowezi. Poluka tsitsi ndi pamene akazi amamvera nkhani zonse za m'mudzi, ndipo woluka wosadziwa kucheza makasitomala amamuthawa. Koma munthu akamalankhula kapena kuseka, masaya amakwera n'kukankha chikope cha m'munsi, ndipo nkhope yonse imagwedezeka. Zokambirana zonse, za mtengo, za kutalika kwa nsidze ndi za amene akwatirana ndi yani, zithe ntchito isanayambe. Agwirizanenso chizindikiro: kasitomala akamva kuwawa kapena akafuna kutsokomola, asaphenye ndipo asadzuke, angogogoda pamkeka ndi dzanja. Anthu oonerera apemphedwe kuchoka, ngakhale akhale alamu ake a mkwatibwi. Mayi woyamwitsa ayambe wayamwitsa, mwana amupereke kwa wina amene apite naye kumene kulira kwake sikumveka, chifukwa palibe mayi amene angakhale chitsinzinire mwana wake akulira pafupi. Kuchimbudzi apitiretu.

Akuluakulu amati chikope chikamagwedera chokha ndiye kuti uona mlendo kapena kukubwera misozi. Achipatala amati kawirikawiri ndi kutopa, kusagona mokwanira, nkhawa, kapena kumwa kwambiri tiyi, khofi ndi zakumwa zija za m'zitini zopatsa mphamvu. Mkwatibwi amakhala nazo zonsezi pamodzi. N'chifukwa chake kuli bwino kumumata masiku awiri kapena atatu ukwati usanafike, osati madzulo a Lachisanu. Kuteroko kumapatsanso mpata woti, ngati guluu samuyanja ndipo zikope zatupa, zidziwike kudakali nthawi.

Kasitomala akagona tulo ntchito imapepuka, koma womata asatayirire. Munthu wogona amatha kudzidzimuka, ndipo pamene akulota maso amathamangathamanga pansi pa zikope. Womata wodziwa ntchito amatsamiritsa mphepete mwa dzanja lake pamphumi pa kasitomala, kuti mutu ukasuntha dzanja lisunthire limodzi, ndipo nsonga za timbaniro siziloza m'diso.

Nsidze za m'munsi amazitsekera ndi timapepala tofewa topangira ntchitoyi kapena tepi ya pepala ya ku famasi, kuti zisamatane ndi za m'mwamba. Selotepi ndi tepi ya magetsi sizoyenera pakhungu limeneli. Kapepalako kakakwera pang'ono kokha n'kukhudza diso, munthu amayamba kuphethira ndi kutuluka misozi, ndipo womata amaganiza kuti ndi mantha pamene cholakwa ndi chake. Asanayambe afunse ngati palibe chikulasa, ndipo afunsenso kasitomala akasuntha. Pali anthu ena amene zikope zawo sizitsekeka kwathunthu ngakhale ali m'tulo. Womata, pokhala kumutu, kampatako sakuona. Kagalasi kakang'ono kogwirira cha kutsaya kamaonetsa ngati pali mzere woyera wa diso umene ukuoneka. Ngati ulipo ndipo sukutsekeka, munthu ameneyo asamatidwe.

Pamene diso likukana

Zonsezi ndi za diso labwinobwino limene likungofuna kulikhazika mtima pansi. Koma pali kunjenjemera kwina kumene sikutha ngakhale anthu achoke, foni izime ndipo munthu apume. Kumabwera ndi misozi, kuwotcha ndi kufiira. Pamenepo diso likudandaula, ndipo kulipanikiza ndi chala kapena kuwonjezera tepi kuti ntchito ithe ndi kulakwa kwakukulu, ngakhale ndalama zitalandiridwa kale.

Guluu weniweni wa nsidze za imodziimodzi ndi wa mtundu wa cyanoacrylate, banja limodzi ndi supa guluu womatira nsapato ndi mawailesi. Amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo asanaume amatulutsa mpweya wowawa umene umathamangira ponyowa. Pankhope ponyowa ndi m'diso ndi m'mphuno. Chikope chikatseguka pang'ono pokha, mpweyawo umalowa. Ndiye chifukwa chake guluuyu sayenera kukhudza khungu, ndipo pomaliza womata akupize ndi kakatoni kwa mphindi zingapo kasitomala asanaphenye. Ku Japan, kumene ntchitoyi idafala kale, unduna wa zaumoyo udalamula mu 2008 kuti womata nsidze akhale ndi chiphaso cha ntchito yokongoletsa anthu, anthu atadandaula za kuvulala. Mu 2012 madokotala a m'dzikolo adalemba za akazi 107 amene adafika kuchipatala ndi maso otupa, ofiira kapena okalika chifukwa cha nsidze zoikirira, ndipo ambiri mwa iwo chidawavulaza ndi guluu kapena mankhwala ochotsera guluuyo.

Kumudzi vuto limakula chifukwa guluu weniweniyo ndi wodula ndipo akatsegulidwa sachedwa kuwonongeka, makamaka kotentha. Pamenepo pamabwera chiyeso chogwiritsa ntchito guluu wakuda womatira meshi kumutu, amene ali ndi mphira amene anthu ena matupi awo amadana naye, kapena supa guluu wa pa okala. Onse awiriwa sadapangidwire pafupi ndi diso. Kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuona botolo asanagone pamkeka.

Ngozi ikachitika, guluu n'kulowa m'diso kapena kumatanitsa zikope, choyamba ndi madzi oyera, owiritsa ndi kuzizira kapena ofunda pang'ono, othira mosalekeza kwa mphindi 15 kapena kuposerapo. Zikope zomatana zisakanulidwe mokakamiza, zisadulidwe ndi lezala, ndipo diso lisatikitidwe. Aphimbe ndi kansalu koyera konyowa n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri guluu amamasuka yekha pakapita masiku ochepa, ndipo diso limapulumuka. Chimene chimapha diso nthawi zambiri ndi zimene anthu amathiramo pofuna kuthandiza: parafini, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, sopo kapena mkodzo. Anthu a ku Zambezia sadaiwale mliri wa maso ofiira wa mu 2024, pamene akuluakulu a zaumoyo adalengeza kuti anthu ena adachita khungu, osati chifukwa cha matendawo, amene amatha okha, koma chifukwa cha zinthu zimene adadontheza m'maso kunyumba.

Ndipo thandizo lili patali. Kuchokera m'midzi ya ku Mongue kukafika kuchipatala chachikulu cha m'tauni ya Milange ndi ulendo wolipira njinga yamoto, pa misewu yadothi imene m'dzinja imavuta. Kuchoka ku Milange kukafika ku Quelimane, kudzera ku Mocuba, ndi makilomita oposa 300. Ena amaolokera ku Malawi, ku Mulanje kapena kuchipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth ku Blantyre, koma kumenekonso kumafuna ndalama zoposa mtengo wa nsidzezo kangapo.

Mliri wa 2024 uja udaphunzitsanso china. Matenda a maso ofiira amayenda ndi manja, nsalu ndi zipangizo. Timbaniro timene takhudza misozi ya munthu mmodzi tisakhudze wina tisanatsukidwe ndi sopo ndi kuwiritsidwa kapena kupukutidwa ndi spiriti. Wobwera ndi diso lofiira, la manthongo kapena la kachotupa pachikope abwezedwe, ngakhale akhale mkwatibwi.

Timbaniro ta agogo

Kugwira nsidze ndi kambaniro si chinthu chachilendo m'midzi ya m'malire. Kalekale nsidze zogula zisanabwere, panali amayi achikulire amene ankasunga kambaniro ka chitsulo chopinda, n'kumapempha mdzukulu kuti awazule nsidze zimene zikuwalasa m'diso. Amenewo ndi matenda a trachoma, kapena tracoma pa Chipwitikizi. Amayamba paubwana ndi kachilombo kofalitsidwa ndi zala, nsalu zopukutira kumaso ndi ntchentche zotera m'maso mwa ana. Munthu akadwala kambirimbiri, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, chikope chimapindikira m'kati, ndipo nsidze zimakanda diso nthawi iliyonse imene waphethira, mpaka kutsogolo kwa diso kumachita mbuu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati akazi amachita khungu ndi matendawa kuposa amuna, mwina mpaka kanayi, chifukwa ndiwo amakhala ndi ana nthawi zonse. Mu 2022 bungweli lidavomereza kuti dziko la Malawi lathana ndi trachoma ngati vuto la dziko lonse. Ku Mozambique ntchito yolimbana nayo ikupitirira, ndipo anthu amene zikope zawo zidapindika kale akadalipo.

Kuzula kumapumitsa kwa masabata ochepa, nsidze n'kumeranso, ndipo imene yaduka pakati m'malo mozuka imalasa kuposa poyamba. Chithandizo chokhalitsa ndi opaleshoni yaing'ono yowongola chikope, imene amachita munthu ali m'maso atamubaya jekeseni yochititsa dzanzi pachikopepo, tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo. Poyeza matendawa wachipatala nayenso amalimbana ndi diso losakhazikika. Amauza wodwala kuti ayang'ane pansi osatsinzina, kuti athe kutembenuza chikope n'kuona m'kati mwake.

Mtsikana womata nsidze amaona zikope za akazi pafupi kwambiri kuposa munthu wina aliyense m'mudzi. Tsiku lina pamkeka pake padzagona mayi wa mkwatibwi kapena azakhali amene akufuna kuoneka bwino pachithunzi, koma diso lawo likungophethira ndi kulengeza misozi guluu asanatsegulidwe n'komwe. Asanawauze kuti atsinzine, awapemphe kuti ayang'ane kutsogolo, ndipo iye aone cha m'mbali ngati pali nsidze imene yaloza m'kati n'kukhudza diso. Ngati ilipo, ngakhale imodzi yokha, botolo la guluu alibwezere m'chikwama, ndipo awauze mayiwo kuti akaonetse chikopecho kuchipatala cha pafupi, akafunse tsiku limene oona za maso amabwera.